Chikondi cha "Platonic": Dzina ndi la Plato, Tanthauzo ndi la Ena



Mnyamata ndi mtsikana akamaonekera limodzi kawirikawiri, kusukulu, kuntchito kapena kukwaya, anthu sachedwa kuyamba manong'onong'o. Awiriwo akafunsidwa, masiku ano yankho limene lafala, makamaka pakati pa ophunzira ndi a pa Facebook, ndi lakuti: "Ayi, palibe chilipo, zathu ndi za platonic." Apo amatanthauza kuti amakondana ndithu, amadalirana, amauzana zakukhosi, koma nkhani za kuchipinda palibe.

Mawu amenewa anachokera ku dzina la Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa mumzinda wa Athens ku Greece, amene anabadwa cha m'ma 427 Khristu asanabadwe n'kumwalira cha m'ma 347. Chodabwitsa n'chakuti Plato mwini wake sanalembepo mawu otere. Anawapeka ndi wansembe wina wa ku Italy patapita zaka zoposa 1,800 mwini dzina ali m'manda. Ndipo chikondi chimene Plato anafotokoza sichinali chozizira ayi. Chinkayambira pa chilakolako chenicheni cha thupi. Kuti mawuwa afike pa tanthauzo la lero anadutsa m'mizinda itatu, Athens, Florence ndi London, ndipo paliponse anasiyapo kanthu n'kutolapo kena.

Tiyambe ndi Athens. Plato analemba buku lotchedwa Symposium, dzina limene m'Chigiriki limatanthauza kumwera pamodzi. Nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 416 Khristu asanabadwe, kunyumba kwa Agathon, mnyamata wolemba zisudzo amene anali atangopambana mpikisano kwa nthawi yoyamba. Plato pa nthawiyo anali kamnyamata, ndipo paphwandopo panalibe. Bukulo analilemba patapita zaka makumi angapo, ndipo analikonza ngati nkhani yongomva kwa munthu amene nayenso anachita kuuzidwa.

Alendo anafika ali ndi matsire a mowa wa dzulo lake. Choncho anagwirizana kuti usiku umenewo aliyense amwe mwa kufuna kwake, popanda kukakamizana. Mtsikana woimba chitoliro anamuuza kuti apite, ndipo sing'anga wina dzina lake Eryximachus anapereka ganizo lakuti aliyense alankhule motamanda Eros, mulungu wa chikondi. Mawu anayamba kuzungulira ngati chipanda pa mowa wamasese, wina akatha wina n'kulandira.

Pali mfundo imene omvera ayenera kuidziwa kuti nkhani yonse imveke. Paphwandopo olankhula onse anali amuna. Akazi a m'mabanja olemekezeka ku Athens sankakhala nawo pa maphwando otere. Ndipo chikondi chimene ambiri mwa amunawa ankakamba sichinali cha m'banja. Chinali cha mwamuna wamkulu pa mnyamata wachisodzera, mwambo umene unali wodziwika pakati pa olemera a mumzindawo, momwe wamkuluyo ankayenera kukhalanso mlangizi wa wamng'onoyo. Mfundo imeneyi ndiyo inadzavutitsa Akhristu amene anawerenga bukuli m'tsogolo mwake.

Nkhani imene anthu amaikumbukira kwambiri ndi ya Aristophanes, wolemba zisudzo zoseketsa. Iye anati kalekale munthu anali wobulungira, wa manja anayi, miyendo inayi ndi nkhope ziwiri. Anthuwo anali amphamvu ndi odzikuza mpaka anafuna kulimbana ndi milungu. Zeus, mkulu wa milunguyo, atakwiya anawadula pakati, ndipo khungu linakokeredwa pamodzi n'kumangidwa pamimba, pamene lero pali mchombo. Kuyambira pamenepo theka lililonse limayendayenda kufunafuna linzake. Amene amanena kuti anapeza munthu wowakwaniritsa akubwereza nthano imeneyi, ngakhale sadziwa kuti inachokera pakamwa pa katswiri wa nthabwala.

Itafika nthawi ya Socrates, mphunzitsi wa Plato, zinthu zinatembenuka. Socrates anati za chikondi anaphunzira kwa mayi wina wanzeru wa ku Mantinea, dzina lake Diotima. Mayiyu anamuuza kuti Eros si mulungu wokongola monga anzakewo ankanenera. Munthu amalakalaka chimene alibe, choncho chikondi, popeza chimalakalaka kukongola, sichingakhale kukongolako. Malinga ndi Diotima, mayi wake wa Eros ndi Umphawi ndipo bambo wake ndi Luso lopezera zinthu. N'chifukwa chake Eros amayenda wopanda nsapato, alibe nyumba, amagona pamakomo a anthu, komabe ndi mlenje wochenjera amene satopa kutchera misampha.

Diotima anapitiriza kunena kuti chimene wokonda amafuna kwenikweni ndi kubereka, chifukwa kubereka ndiyo njira yokhayo imene cholengedwa chakufa chimagonjetsera imfa. Ena amabereka ndi thupi, ndipo amasiya ana. Ena amabereka ndi mzimu, ndipo amasiya ndakatulo, malamulo ndi nzeru. Anapereka zitsanzo za alakatuli Homer ndi Hesiod, komanso Solon amene anakonza malamulo a Athens.

Kenaka anafotokoza makwerero amene atchuka mpaka lero. Munthu amayamba ndi kukopeka ndi thupi limodzi lokongola. Akaganiza bwino amaona kuti kukongola kwa thupilo n'kofanana ndi kwa matupi ena, ndiye amaleka kupenga ndi limodzi lokha. Akakwera pang'ono amazindikira kuti khalidwe labwino limaposa nkhope, moti angathe kukonda munthu wa mtima wabwino ngakhale maonekedwe ake ali osapatsa chidwi. Kuchoka apo amayamba kuona kukongola kwa malamulo ndi miyambo yabwino, kenaka kwa maphunziro, mpaka pamapeto amafika poona Kukongola kwenikweniko, kumene sikubadwa, sikukalamba ndipo sikufa. Tione bwino apa: phazi loyamba limaponda pa thupi. Diotima sananene kuti chilakolako n'chonyansa. Anati ndi mphamvu imene iyenera kulozedwa kumwamba.

Socrates atangomaliza, kunamveka kugogoda kwamphamvu pachipata. Analowa Alcibiades, mnyamata wolemera, wokongola ndi wotchuka pa ndale, ataledzera, atavala nkhata ya maluwa kumutu, ena atamugwirizira. M'malo motamanda Eros, iye anati atamanda Socrates, ndipo mowa unamuululitsa chinsinsi. Anafotokoza kuti ali wamng'onopo anayesa njira zonse kuti amukope Socrates, poganiza kuti akapereka thupi lake adzalandira nzeru. Anamuitanira ku masewera ogwetsana, sizinathandize. Anamuitanira chakudya chamadzulo n'kumuchedwetsa dala mpaka usiku, kenaka anagona naye m'chofunda chimodzi. Kunja kunacha popanda chilichonse chochitika, ngati kuti wagona pafupi ndi bambo wake kapena mkulu wake. Alcibiades anati chipongwe chimenechi sanachiiwale.

Pamenepa ndi pamene pali mbewu ya tanthauzo la lero. Socrates sanali munthu wosaona kukongola, ndipo m'mabuku a Plato amavomera poyera kuti kumamukopa. Anali ndi mkazi, Xanthippe, ndi ana aamuna atatu. Chimene Plato ankaonetsa ndi munthu amene chilakolako ali nacho koma amachilamulira.

Kuchoka pa nthawi imeneyo panapita zaka mazanamazana. Kumadzulo kwa Ulaya anthu odziwa Chigiriki anachepa kwambiri, ndipo mabuku a Plato amene ankawerengedwa m'Chilatini anali ochepa zedi. Symposium sinali m'gulu limenelo. Mabukuwa anasungika kum'mawa, ku Constantinople. Mu 1423 munthu wina wa ku Sicily, Giovanni Aurispa, anabwera ku Italy ndi mipukutu ya Chigiriki 238, ndipo zolemba za Plato zinali momwemo. Mu 1439 mumzinda wa Florence munachitika msonkhano waukulu wofuna kuyanjanitsa mpingo wa kum'mawa ndi wa ku Roma. Pakati pa nthumwi za Agiriki panali nkhalamba ina yophunzira kwambiri, Gemistos Plethon, imene inkakamba za Plato kwa aliyense wofuna kumva.

Koma kubwerera kwa Plato kunadza ndi mkangano. Mu 1458 George wa ku Trebizond analemba buku lomunyoza Plato kuti ndi mphunzitsi wa makhalidwe oipa. Kadinala Bessarion anamuyankha ndi buku lake lomwe linasindikizidwa mu 1469, poteteza Plato kuti chikondi chimene ankanena chinali choyera. Funso linali lakuti: kodi Mkhristu angawerenge Symposium popanda kuchimwa?

Amene anapereka yankho lokhalitsa ndi Marsilio Ficino, wobadwa mu 1433, mwana wa dokotala wa Cosimo de' Medici, mwini banki wolemera amene ankayendetsa Florence. Cha m'ma 1462 Cosimo anapatsa Ficino mipukutu ya Plato ndi nyumba ku Careggi, kunja pang'ono kwa mzinda, kuti amasulire zonse m'Chilatini. Ntchitoyo inasindikizidwa mu 1484, ndipo kanali koyamba kuti anthu a kumadzulo akhale ndi mabuku onse a Plato m'chinenero chimene ophunzira awo ankawerenga. Ili mkati ntchitoyi, mu 1469, Ficino anamaliza buku lake lofotokozera Symposium. Analikonza ngati phwando la alendo asanu ndi anayi, lochitika pa 7 Novembala, tsiku limene ankakhulupirira kuti Plato anabadwa ndiponso kumwalira. Mu 1473 anadzozedwa unsembe.

Ficino ndiye anayamba kugwiritsa ntchito mawu a Chilatini akuti amor platonicus, chikondi cha Plato, ndipo nthawi zina ankati amor socraticus, chikondi cha Socrates. Anatenga makwerero a Diotima n'kuika Mulungu pamwamba pake. Kwa iye kukongola kulikonse kwa padziko ndi kuwala kochokera kwa Mlengi, ndipo munthu akakonda mnzake moyenera amakhala akukonda Mulungu amene akuwala mwa mnzakeyo. Anaphunzitsa kuti kukongola kumalandiridwa ndi zinthu zitatu zokha: maso, makutu ndi maganizo. Kukhudza, kulawa ndi kununkhiza anaziika kunja, ndipo anati chilakolako chofuna kukhudza si chikondi konse koma misala. Apa ndi pamene thupi linatsekeredwa kunja kwa mpanda. Chitsanzo chake chinali ubwenzi wa iye mwini ndi Giovanni Cavalcanti, mnzake amene ankamulembera makalata achikondi chachikulu. Choncho ngakhale kwa Ficino, mawuwa ankanena makamaka za ubwenzi wa amuna awiri ofunafuna Mulungu pamodzi.

Akazi analowa m'nkhaniyi ndi olemba a m'badwo wotsatira. Pietro Bembo, mu 1505, ndi Baldassare Castiglione, mu 1528, analemba mabuku amene anasamutsira chiphunzitsochi pa chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Buku la Castiglione linali lophunzitsa makhalidwe oyenera munthu wa kunyumba yachifumu, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku Urbino. Chakumapeto kwake, Bembo yemweyo akuonetsedwa akulongosola momwe mwamuna wachikulire angakondere mkazi popanda kuchita manyazi: amuyang'ane, amve mawu ake, amulangize, ndipo ngakhale kupsompsona n'kololedwa chifukwa ndi kukumana kwa mizimu iwiri. Bembo analankhula motengeka mpaka anangoti duu, maso ali kumwamba, ndipo mayi wina, Emilia Pia, anamukoka chovala n'kumuchenjeza mwanthabwala kuti asamale, mzimu wake ungathawe m'thupi. Buku la Castiglioneli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi Thomas Hoby mu 1561.

Tafika tsopano ku London. Mu 1625 Mfumu Charles Woyamba anakwatira Henrietta Maria, mwana wa mfumu ya ku France, ali ndi zaka 15. Mfumukaziyi inabwera ndi fasho ya kwawo, yolemekeza mkazi ngati kachisi wa kukongola amene mwamuna ayenera kumutumikira osayembekezera kanthu. Posakhalitsa nyumba yachifumu yonse inadzaza ndi nkhani za chikondi cha Plato. Mu Januwale 1633 mfumukazi ndi akazi omutumikira anachita okha sewero la Walter Montagu lotamanda chikondi chotere, ndipo linatenga maola pafupifupi asanu ndi atatu.

Si onse anasangalala. Loya wina wa gulu la Apuritani, William Prynne, anali atangotulutsa buku lalikulu lodzudzula zisudzo, momwe anatchula akazi ochita zisudzo kuti ndi mahule. Akuluakulu anati akunyoza mfumukazi. Mu 1634 anamulamula kulipira chindapusa cha mapaundi 5,000, anamutsekera m'ndende ndipo anamudula makutu pagulu.

Mawu akuti platonic anakhazikika m'Chingerezi m'zaka zimenezi. William Davenant analemba sewero lotchedwa The Platonic Lovers, limene linaloledwa kuonetsedwa mu 1635 n'kusindikizidwa mu 1636. Ngakhale Davenant ankadya za kunyumba yachifumu, seweroli linkaseka fashoyo mochenjera. Muli mnyamata ndi mtsikana amene alumbira kukondana ndi mzimu wokha. Dokotala wina akupatsa mnyamatayo mankhwala otenthetsa magazi, ndipo nkhani ikuthera mu ukwati. Dokotala yemweyo akudandaula kuti anthu akumunamizira Plato pomupachika chikondi chimene iye sanachidziwe n'komwe. Ndiye kuti kale mu 1636 panali anthu ozindikira kuti dzina lapita kwina, mwini dzina kwina. Mfumukazi imene inafalitsa fashoyi nayonso inabereka ana asanu ndi anayi.

Kuchokera pamenepo tanthauzo linapitirira kupepuka. Makwerero anaiwalika, Mulungu wa Ficino anaiwalika, ndipo chimene chinatsala ndi mbali yokana yokha: chikondi chopanda kugonana. Plato ankafunsa kumene chikondi chimamufikitsa munthu. Mawu a lero amangonena chimene awiriwo sachita.

Omvera opita kutchalitchi angafunse ngati chikondi chimenechi n'chimodzimodzi ndi agape, mawu amene alaliki amawakonda. Yankho ndi lakuti ayi. Ophunzira a ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene Chigiriki ndi Chilatini zakhala zikuphunzitsidwa kuyambira pamene sukuluyi inatsegulidwa mu 1981, angachitire umboni kuti chinenerochi chili ndi mawu angapo pamene Chichewa chimangoti chikondi. Pali eros, chikondi cholakalaka, chimene Plato ankakamba. Pali philia, chikondi cha mabwenzi, chimene Aristotle, wophunzira wa Plato, anachifotokoza mozama. Ndiye pali agape, mawu amene Paulo anagwiritsa ntchito mu 1 Akorinto 13. Mawu akuti eros sapezeka m'Chipangano Chatsopano ngakhale kamodzi. Kunena zoona, zimene achinyamata amatcha platonic masiku ano zili pafupi kwambiri ndi philia ya Aristotle kusiyana ndi eros ya Plato.

Katswiri wa zaumulungu wa ku Sweden, Anders Nygren, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa mpingo wa Lutheran, analemba buku la zigawo ziwiri, mu 1930 ndi mu 1936, lonena kuti eros ndi agape ndi zosiyana kotheratu. Eros imakwera kufunafuna chokongola kuti ikhute. Agape imatsika kukapeza wosayenera kukondedwa. Papa Benedict wa 16, m'kalata yake yoyamba kwa mpingo wonse imene anasaina pa Khirisimasi ya 2005, anatsutsa zolekanitsa ziwirizi kotheratu. Iye anati munthu sangamangopereka chikondi osalandira, ndipo eros ikayeretsedwa imakumana ndi agape.

Nanga funso limene limayambitsa manong'onong'o m'midzi ndi m'maofesi, lakuti kodi mwamuna ndi mkazi angakhale mabwenzi chabe? Akatswiri a maganizo a anthu analiyesapo. Mu 2012 April Bleske-Rechek ndi anzake a pa yunivesite ya Wisconsin ku Eau Claire, m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anaitana ophunzira awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana amene ankati ndi mabwenzi chabe, magulu 88. Anawalekanitsa, n'kuwalonjeza kuti mayankho awo akhala achinsinsi, kenaka anafunsa aliyense ngati amakopeka ndi mnzakeyo. Anyamata anaonetsa kukopeka kwambiri kuposa atsikana. Anyamatawo ankaganizanso kuti atsikanawo amawafuna kuposa momwe zinalili, pamene atsikana ankaganiza kuti anyamatawo alibe nazo chidwi kwenikweni. Kafukufukuyu anali wa ophunzira a pa sukulu imodzi ya dziko limodzi, choncho sanganene za anthu onse. Sananenenso kuti ubwenzi wotere n'ngosatheka. Anangoonetsa kuti mwa awiri amene akunena mawu amodzi akuti platonic, kawirikawiri mmodzi amawakhulupirira kuposa mnzake, ndipo m'magulu amene anafunsidwawo wowakhulupirira kwambiriyo anali mtsikana.